Kandimverere wa M'thumba

Akuluakulu akale adasiya mwambi wakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Tanthauzo lake n'lodziwika kwa aliyense amene adakulira pamudzi: munthu wochita ulesi kupita yekha kubwalo, natuma mnzake kuti akamumverere, asadabwe akalandira nkhani yopotoka ndi yokometsedwa m'njira. Masiku ano kandimverere uja adasiya kuyenda ndi miyendo. Amakhala m'thumba la malaya, amagona kumutu kwa mphasa, ndipo akalira pakati pa usiku mwini wake amadzambatuka ngati waitanidwa ndi mfumu. Dzina lake ndi lamya ya m'manja, imene ana amangoti foni. Nkhani ino ikutsutsa khalidwe limene lamera mizu m'midzi ya kumapiri a Dedza, kuyambira ku Bembeke mpaka ku Linthipe, Lobi ndi Mayani. Ndi khalidwe lokhulupirira chilichonse chonenedwa za foni ndi kompyuta, ndi chilichonse chotuluka m'menemo, popanda kufunsa funso limene agogo sankaliiwala pabwalo, lakuti, "Wakuuzani ndani?"

Foni si mlendo wofika dzulo. Kampani ya TNM idayambitsa mafoni a m'manja m'dziko muno m'chaka cha 1995. Celtel idatsatira mu 1999, ndipo idasintha dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010. Kutumizirana ndalama pafoni kudafika ndi Airtel Money mu 2012, ndipo Mpamba wa TNM udabwera chaka chotsatira. Mwana amene adabadwa pamene nsanja yoyamba inkaimikidwa lero ali ndi nyumba yakeyake ndi ana asukulu. Ubwino wa chipangizochi palibe angaukane. Mlimi wa kachewere ku Bembeke amayamba wamva mtengo wa thumba ku Lilongwe asanalipire lole. Mayi wa kwa Kaphuka amalandira ndalama ya feteleza kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg osakwera basi. Zoonadi, mlendo adadza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo komweko kamameta wodekha, nikatema wopupuluma, ndipo zaka 30 n'zokwanira kuti mudzi ukhale utaphunzira kagwiridwe kake. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri adaphunzira kudina, osaphunzira kufunsa.

Madandaulo amene amamveka pamsika wa Chimbiya kapena pa depoti ya Dedza si onama. Loyamba ndi la batire. Ikafika miyezi ya June ndi July, foni imene idatchajidwa madzulo imapezeka yazima kusanache. Apa m'pamene akatswiri a pabawo amayambira maphunziro awo. Wina amati kampani ikuyamwa moto wa batire kudzera pansanja, wina amati mnansi wanjiru waiyendera usiku. Zoona zake n'zosavuta. Dedza ndi dera lokwera. Nsonga ya phiri lake idapitirira mamita 2,000, ndipo chisanu chake sichifuna mboni. Batire la mafoni a lero limagwira ntchito ndi mankhwala a lithium, ndipo kukazizira kwambiri mankhwalawo amayenda mwaulesi, kotero kuti batire limaoneka ngati latha lisanathe. Chisanu chokumbutsa nkhwangwa ndi chomwecho chofooketsa batire, ndipo foni yogona pawindo imavutika kuposa yogona m'thumba la jekete. Kuwonjezera apo, nyumba ikakhala kuseri kwa phiri kumene netiweki imafika movutikira, foni imachezera kufunafuna nsanja, monga mwanapiye wotayika amene amalira mpaka kulefuka. Ndiponso batire limakalamba. Likatchajidwa maulendo mazana angapo mphamvu yake imachepa, ndipo palibe sing'anga angalibwezere unyamata.

Dandaulo lachiwiri ndi la netiweki ndi mayunitsi. Mafunde onyamula mawu sadutsa bwino m'thanthwe, n'chifukwa chake munthu wa m'chigwa amakwera pachulu kuti amvane ndi mnzake. Kuchokera pa boma la Dedza kulowera ku Lizulu, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire a Mozambique, ndipo foni yosiyidwa kuti izidzisankhira yokha netiweki ikhoza kugwira nsanja ya tsidya lina la malire. Mwini wake akaona dzina lachilendo pagalasi amayamba kunjenjemera kuti wina walowa m'foni mwake. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a foniyo ndi kusankha ndi dzanja netiweki ya kwawo. Nanga za bandulo yotha ngati madzi a m'lichero? Kawirikawiri wakuba amakhala m'nyumba momwemo. Foni yamakono imadzikopera yokha zithunzi ndi makanema otumizidwa m'magulu a WhatsApp, ngakhale mwini wake ali m'tulo, ndipo mapulogalamu ake amadzikonzanso okha akangomva intaneti. Munthu wokhala m'magulu 15, la mpingo, la banki m'khonde, la mpira, la anzake akusukulu ndi ena otero, akudyetsa alendo ambiri pa mbale imodzi. Kutseka kukopera kumeneku ndi ntchito ya mphindi ziwiri. Izi sizikutanthauza kuti makampani ndi angelo. Mtengo wa intaneti udaliritsa Amalawi mpaka mu 2020 kudabuka mfuwu yoti utsike, ndipo wogula ali ndi ufulu wonse wofunsa kumene ndalama yake yapita. Koma wodandaula amene sadayambe wasesa m'nyumba mwake amafooketsa mlandu wake womwe.

Choopsa kuposa dandaulo ndi mankhwala abodza operekedwa pa dandaulolo. Foni ikagwera m'ndowa pa mjigo, uphungu woyamba kumveka ndi woti ikwiriridwe mumpunga. Mpunga sutulutsa madzi amene alowa kale m'kati, ndipo fumbi lake limangotseka timabowo. Ngakhale kampani ya Apple idachenjeza poyera kuti anthu asamatero. Choyenera ndi kuizimitsa nthawi yomweyo, kuchotsa simukhadi, kuipukuta, ndi kuisiya pamalo opita mphepo kwa tsiku lathunthu kapena kupitirira, osaitchaja. Ena amayanika batire padzuwa kapena pafupi ndi mbaula kuti akuti lidzuke. Ena batire likatupa amalipsinja ndi mwala, kapena kuliboola ndi singano kuti mpweya utuluke. Wotero akuseweretsa moto pansi pa denga laudzu. Batire lotupa lawonongeka, ndipo likabooledwa likhoza kuyaka. Mu 2016 kampani ya Samsung idaitanitsa mafoni a Galaxy Note 7 pafupifupi 2.5 miliyoni chifukwa mabatire ake ankagwira moto. Ngati zidatero ndi katundu wotuluka m'fakitale yaikulu, nanga batire lopanda dzina, lotchajidwa ndi tchaja yopanda dzina, pansi pa pilo? Palinso uphungu woti batire lizitha psiti lisanatchajidwe. Unali ndi nzeru pa mabatire a nickel a makedzana. Pa a lithium umangofupikitsa moyo wake. Uphungu nawo umakalamba, ndipo wouyendetsa ayenera kudziwa chaka chimene udabadwa.

Za kagulidwe nazo zili ndi phunziro lake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Foni yonyezimira, yolembedwa dzina lalikulu, yogulitsidwa motchipa ndi munthu woimirira pakona amene maso ake akuyang'ana uku ndi uku, ili ndi nkhani imene wogulitsayo sakunena. Mwina ndi yachinyengo, mwina ndi yakuba, ndipo kupezeka ndi katundu wakuba kwagonetsa ambiri m'chitolokosi. Foni iliyonse ili ndi chizindikiro chakechake cha manambala 15, chotchedwa IMEI, chimene chimaoneka munthu akadina *#06#. Wogula wanzeru amachifananiza ndi cholembedwa pabokosi, nachisunga m'kope pamodzi ndi lisiti, pakuti tsiku lobedwa apolisi adzachifunsa. Agogo sankagula ng'ombe osaiyendetsa, osaiyang'ana mano, osadziwa khola limene yachokera. Mdzukulu wawo amapereka ndalama ya matumba angapo a kachewere pa chinthu chimene sadachiyatse n'komwe.

Laputopu, imene yafika m'midzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a m'makoleji, yatengera tsoka lomwelo. Ikatentha ndi kudzizimitsa yokha, mwini wake amathamangira kunena kuti yagwidwa ndi vairasi, kapena kuti adamugulitsa yakufa. Yankho limakhala pamalo pamene amaiika. Chifukwa cha kuzizira amaigwiritsa ntchito ali m'bulangete, itakhala pa matiresi, timabowo take topumira titatsekeka. M'kati mwake muli kachipangizo kokupiza mphepo, kamene fumbi la m'chilimwe limakaphimba ngati ubweya. Makinawo akatentha mopitirira amadzizimitsa dala kuti asapse. Kumeneko n'kudziteteza, si kufa ayi. Laputopu imafuna tebulo kapena thabwa, ndi kuchotsedwa fumbi ndi munthu wodziwa. Magetsi akazima, nzeru ndi kuzula tchaja kukhoma, chifukwa pobwerera amatha kubwera ndi ukali wootcha zipangizo. Vairasi nayo si kachilombo kamoyo kouluka ndi mphepo. Ndi pulogalamu yolembedwa ndi munthu, imene kawirikawiri imalowa pa fulashi kapena memore khadi yoyendayenda m'makompyuta ambiri, monga a m'malo oikira nyimbo ndi makanema pamsika. Ndipo wophunzira amene amasunga ntchito ya chaka chonse pamalo amodzi okha adaiwala kuti nkhanga zidapangana kusanapse. Kope lachiwiri lisungidwe kwina makina akadali moyo. Popita kwa mmisiri, simukhadi ndi memore khadi zitsale kunyumba. Mmisiri weniweni amadziwika ndi ichi: amayamba wanena chavuta, mtengo pambuyo.

Zonsezi zimangodya ndalama. Pali mphekesera zina zimene zimadya anthu. Mu 2004 ku Nigeria kudabuka mbiri yoti pali manambala ena amene munthu akawayankha amagwa n'kufa. Makampani a mafoni adakana, palibe imfa idatsimikizika, koma mbiriyo idakana kufa. Yakhala ikuzungulira maiko, kusintha manambala ndi chinenero, ndipo nthawi zina imatulukira m'magulu a WhatsApp ngati yatsopano. Foni imanyamula mawu, zithunzi ndi malemba, ndipo ilibe njira yonyamulira imfa kuchoka kwa woimba kupita kwa woyankha. M'chaka cha 2020 idabwera ina yoti matenda a Covid-19 akuchokera ku nsanja za 5G. Odwala oyamba m'Malawi adalengezedwa mu April 2020, pamene 5G idayesedwa koyamba m'dziko muno ndi TNM mu 2023. Mwana angabadwe bwanji zaka zitatu amayi ake asanabadwe? Koma amene adatumiza uthengawo sadabwerere kudzapepesa. Adangosamukira ku mphekesera za katemera, ndipo pa 19 May 2021 boma lidatentha katemera wa AstraZeneca wokwanira kubaya anthu 19,610 pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, atatha mphamvu. N'zoona kuti katemerayo adafika masiku ake atatsala ochepa. N'zoonanso kuti mantha oyenda pafoni adabweza anthu amene akadabwera msanga.

Dzinja nalo limabwera ndi mphekesera yake, yoti foni imaitana mphenzi. Mphenzi ilibe kanthu ndi kachipangizo ka m'thumba. Imafuna chinthu chotalika ndi njira yachidule yofikira pansi: mtengo woima wokha, nsonga ya phiri, munthu woimirira pakati pa dimba kapena pabwalo la mpira. Choopsa chenicheni m'nyumba ndi waya. Foni kapena laputopu yolumikizidwa kukhoma pa nthawi ya mabingu ikhoza kulandira moto wodzera m'mawaya a magetsi, choncho izulidwe. Amene wakwera pachulu kufuna netiweki mvula ikugunda ali pangozi chifukwa cha chulucho. Kusiyanitsa zimenezi si nkhani ya mayeso a m'kalasi okha. Mu January 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana wa zaka 17, khamu la anthu lidapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo adaitumiza. Umo ndi mmene umbuli umathera m'midzi: chinthu chikapanda kumveka, chala chimaloza nkhalamba. Mdzukulu amene lero akunong'ona kuti foni yake idafa atangochoka kwa agogo, mawa mwana wake akatentha thupi adzaloza khomo lomwelo. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mwambo weniweni sudalolepo kuti mwana atukule dzanja pa munthu amene adabereka amayi ake kumsana.

Pano ena adzaimirira n'kunena kuti wolakwa ndi foniyo, itayidwe, mudzi ubwerere mwakale. Mbiri ikuwatsutsa. Pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu ankaphedwa usiku ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, mphekesera yoti magazi awo akugulitsidwa ku South Africa idawanda popanda foni ya m'manja ndi imodzi yomwe. Kumapeto kwa 2002 ndi kuchiyambi kwa 2003 nkhani ya anamapopa idazunguza maboma a kummwera, mpaka gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, a Eric Chiwaya, adagendedwa, pa nthawi imene mafoni anali a anthu owerengeka. Bodza lidalipo foni isanabwere. Chimene foni yasintha ndi liwiro la bodzalo ndi kubisika kwa nkhope ya mwini wake. Mu September ndi October 2017 anamapopa atamvekanso ku Mulanje ndi Phalombe, mbiri idadumpha maboma m'masabata ochepa. Anthu osachepera 8 adaphedwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu amene adatenthedwa ku Blantyre, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma awiri aja. Namapopa sadapezeke ndi mmodzi yemwe. Amene adaikidwa m'manda anali anthu wamba. Kale wabodza anali ndi nkhope, mudzi ndi mwini mbumba, ndipo bodza lake likaululika ankalipa nkhuku kapena mbuzi pabwalo. N'chifukwa chake ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Lero mlomo ukuyenda wokha, wopanda mwini. Eni WhatsApp adachiona chimenechi anthu ataphedwa ndi makamu ku India mu 2018 chifukwa cha mauthenga abodza onena za akuba ana, ndipo mu 2019 adaika malire kuti uthenga usapatsiridwe kumalo oposa asanu pa nthawi imodzi. Wosula mpeni atayamba kuuopa, wougwira angaugwire bwanji mwachibwana?

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewo amene amaopa nambala yakupha amatsekulira khomo wakuba weniweni. Iye sabwera ndi zoopsa. Amalankhula mofatsa ndi mwaulemu. Tsiku lina amati watumiza ndalama molakwika, zibwezedwe, chonsecho uthenga umene walowa waulemba yekha. Tsiku lina amati mwini foni wapambana mphoto pa mpikisano umene sadalowepo, angotumiza kaye kangachepe ka msonkho. Tsiku lina amakhala mphunzitsi wonena kuti mwana wakomoka kusukulu yogonera, ndalama ya galimoto ifike msanga. Tsiku lina amakhala wa ku kampani amene akufuna nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. Nyuzipepala zalemba kambirimbiri kuti ena mwa akathyali amenewa amaimba ali m'ndende, makamaka ya Zomba. Boma lidalamula kuti pofika mu 2018 simukhadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, koma lamulolo limafooka pamene munthu abwereketsa chiphaso chake cha unzika kuti mlendo alembetsere nambala, posinthana ndi botolo la chakumwa. Mlandu ukadza, dzina lopezeka m'kaundula ndi lake. Apa pali chinthu chochititsa manyazi. Mtundu umene umadziwa kusunga chinsinsi cha kudambwe ndi cha kutsimba mpaka kumanda, osauza ngakhale mkazi kapena mwamuna wogona naye nyumba imodzi, ukuulula manambala anayi a pini kwa mawu osadziwika nkhope. Thukuta la chaka chonse, la kupalira ndi kupopera mankhwala m'munda wa kachewere, limapita m'kuphethira kwa diso. Wa ku kampani weniweni safunsa pini, ndipo uthenga wofulumizitsa munthu ndiwo woyenera kuchedwetsedwa. Foni idulidwe, mphunzitsi wamkulu aimbiridwe pa nambala yodziwika, ndalama zotsala mu akaunti ziyang'anidwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Otumiza mphekesera ali ndi zodzikanira zawo, ndipo amazikometsa ndi miyambi. Amati pofuka utsi pali moto. Inde, koma moto wina ndi woyatsa dala wosaka mbewa, ndipo utsi wake sutanthauza kuti mudzi ukupsa. Amatinso wakutsina khutu ndi mnansi, iwo akungochenjeza abale. Mwambiwo ukunena mnansi, munthu wodziwika dzina ndi khomo, amene mawa angafunsidwe. Mawu ojambulidwa a munthu wosatchula dzina, amene akuti adamva kwa msuweni wa dokotala wina wa kuchipatala china, si mnansi wa aliyense. Ena amati, "Ndangotumiza chabe, sindidalembe ndine." Wopatsira chikuni chamoto kuti chifike padenga sangakane kuti sadatenthe nyumba chifukwa chakuti sadakoleze ndiye. Enanso amati chithunzi sichinama. Chithunzi cha ngozi ya ku dziko lina, ya zaka zapitazo, chikhoza kulembedwa kuti ndi Linthipe lero m'mawa, ndipo tsopano kompyuta imatha kupanga nkhope ndi mawu a munthu akunena zimene iye sadanenepo. Chithunzi nacho chiyenera kufunsidwa mboni.

Mankhwala a matendawa adalipo kale m'mwambo. Makolo sankalola uthenga wolemera kuyenda wopanda mwini. Maliro akagwa, mwini mbumba ankakagwada kwa mfumu, ndipo mfumu ikamva m'pamene amithenga odziwika ankatumidwa kumidzi ina, aliyense akudziwa khomo limene akafike ndi mawu amene akanene. Lero mayi amatha kumva za imfa ya mwana wake poona chithunzi cha mtembo pagulu, mfumu isanamve. Nkhani ya banja inkayenda ndi ankhoswe. Pabwalo la milandu nduna sizinkalola munthu kuyamba ndi "akuti". Zinkamufunsa ngati adaona ndi maso ake kapena adangomva, ndipo ngati adamva, wonenayo ankaitanidwa. Mafunso amenewo sadathe ntchito. Uthenga uliwonse wolowa pafoni, kaya ndi wa mankhwala a batire, kaya wa nambala yakupha, kaya wa ndalama, uimikidwe pabwalo lomwelo. Wanena ndani, ndipo ali ndi dzina? Iye adaona kapena adamva? Apindule ndani ukakhulupiriridwa? Nanga ukakhala wabodza, avulale ndani? Uthenga wolephera mafunso anayiwa ufere m'foni momwemo.

Dandaulo loona nalo lili ndi bwalo lake. Wobedwa mayunitsi kapena ndalama ayambe ndi kampani yake, asunge mauthenga onse ndi masiku ake, akanene kupolisi, ndipo akapanda kuthandizidwa apite ku MACRA, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 kuti liziyang'anira za malamya ndi mawailesi. Wogulitsidwa katundu wachinyengo m'sitolo ali ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Kulira pagulu la WhatsApp kumasonkhanitsa opepesa, koma sikubweza ndi tambala imodzi yomwe. Palinso lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, limene lagwetsa kale ena m'manja mwa apolisi chifukwa cha zimene adalemba pafoni. Komabe wapolisi sangaime kumbuyo kwa chala chilichonse. Ntchito yaikulu ili pakhonde, pakati pa agogo ndi adzukulu. Mdzukulu ali ndi zala zodziwa posankhira netiweki, potsekera kukopera ndi posinthira pini. Agogo ali ndi khutu limene lamva mabodza a zaka 70, ndipo limazindikira kathyali asanamalize moni. Gogo wochita manyazi kufunsa mwana akumbuke kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Mdzukulu woseka agogo kuti sadziwa kudina adziwe kuti odziwa kudina nawonso akubedwa tsiku ndi tsiku. Mutu umodzi susenza denga.

Foni ilibe ufiti, ndipo ilibe uneneri. Ili ndi batire, galasi, mawaya ndi mawu a anthu, ena oona, ena abodza, monga zimakhalira pamsika uliwonse. Amene adalira mvula adalira ndi matope omwe, ndipo matopewo sachoka potemberera mitambo. Mudzi umene udzaphunzitse ana ake kufunsa "wakuuzani ndani" asanadine potumizira udzasunga ndalama zake za kachewere, ndipo nkhalamba zake zidzagona osatchera khutu kunja. Umene udzasiyire kandimverere wa m'thumba kuweruza milandu yake udzapitiriza kumva za m'maluwa ndi kuika maliro a anthu osalakwa. Akale adaimaliza nkhaniyi m'mawu atatu okha: safunsa adadya phula.